Kodi Kachirombo ka HIV Kangakulepheretseni Kutsatira Mwamuna Kapena Mkazi Wanu ku America?

Achinyamata anzanga, nkhani ya m'kope lino yachokera pa funso limene mtsikana wina anandifunsa titamaliza msonkhano wa kalabu. Sanafunse pagulu ayi. Anadikira kuti anzake onse abalalike, kenaka ananditsatira pamene ndimatenga njinga yanga. Dzina lake sinditchula, koma wandilola kuti ndilembe za funso lakeli chifukwa mwina alipo ena amene likuwasowetsa tulo.

Mtsikanayu ali ndi kachirombo ka HIV ndipo amamwa ma ARV mokhulupirika. Mwamuna wake anapita ku America kukaphunzira, anakhazikika komweko, ndipo tsopano wayamba kuyendetsa mapepala oti mkazi wake amutsatire. Bamboyo akudziwa momwe mkazi wake alili ndipo pakati pawo palibe chobisirana. Vuto labwera ndi achibale. Amuuza kuti akangofika kwa dokotala wa ofesi ya kazembe ndiye kuti ulendo wathera pomwepo. Wina mpaka anamulangiza kuti abise buku lake la kuchipatala ndi kusiya kaye mankhwala kuti asakaoneke m'magazi. "Alangizi," anatero, "kodi ndisiye kwa miyezi ingati?"

Ndinamuyankha kuti asasiye ngakhale tsiku limodzi. Malangizo a achibalewo ndi oopsa, komanso akuchokera pa lamulo limene linatha kale.

Lamulo limene anthu akulikumbukirabe

N'zoona kuti kale dziko la America linkaletsa anthu amene ali ndi kachirombo ka HIV kulowa m'dzikolo. Chiletsochi chinayamba m'chaka cha 1987, nthawi imene anthu ambiri ankaopa Edzi mopanda kuimvetsa, ndipo mu 1993 aphungu a nyumba ya malamulo ya kumeneko anachilemba m'lamulo la zolowa ndi kutuluka m'dziko. Aliyense wa zaka 15 kupita m'tsogolo wofuna kukakhazikika kumeneko ankayezedwa magazi, afune asafune. Akatswiri a zaumoyo ambiri anadana nacho chiletsochi, moti msonkhano waukulu wa dziko lonse wokambirana za Edzi wa mu 1992, umene unayenera kuchitikira mu mzinda wa Boston, anausamutsira ku Amsterdam.

Zinthu zinayamba kusintha mu Julayi 2008 pamene Pulezidenti George W. Bush anasaina lamulo lopitiriza ndondomeko ya PEPFAR, yomwe ija yathandiza pa ntchito yolimbana ndi Edzi kuno kwathu. Lamulo lomwelo linachotsa mawu otchula HIV m'lamulo la zolowa m'dziko. Mu Okutobala 2009 Pulezidenti Barack Obama analengeza kuti chiletso chatha, ndipo kuyambira pa 4 Januwale 2010 kachirombo ka HIV sikalinso pa mndandanda wa matenda olepheretsa munthu kukhazikika ku America. Kuyeza HIV sikulinso mbali ya kupimidwa kwa munthu wofuna chitupa chokhalira m'dzikolo. Mu 2012 msonkhano waukulu uja unachitikira ku Washington, koyamba m'dzikolo chichokereni 1990.

Chifukwa chimene anapereka ndi chomwe timaphunzitsana m'makalabu mwathu tsiku ndi tsiku: kachiromboka sikafala pokhala limodzi m'basi, podyera mbale imodzi kapena popatsana moni.

Nanga amapima chiyani, ndipo amapima ndani?

Munthu amene wakwatira kapena kukwatiwa ndi nzika ya America, kapena ndi munthu amene ali ndi chilolezo chokhazikika chotchedwa green card, akafuna naye chilolezo chomwecho ayenera kupimidwa m'thupi. Apa dziwani kuti si dokotala aliyense amene angalembe zotsatira zake. Ngati muli kunja kwa America, mumapita kwa dokotala amene ofesi ya kazembe inamusankha, ndipo dzina lake mumalimva kuchokera ku ofesiyo. Ngati muli kale m'dzikolo, mumapita kwa dokotala wovomerezeka ndi nthambi ya boma ya USCIS, amene amalemba fomu ya I-693 n'kuimata mu envelopu. Envelopuyo simuyenera kuitsegula. Kuyambira pa 2 Disembala 2024 fomu imeneyi imatumizidwa pamodzi ndi fomu yopempha green card, osati pambuyo pake. Malamulo amene madokotala onsewa amatsata amalembedwa ndi bungwe la zaumoyo la CDC, ndipo ndalama zopimitsira amalipira ndi wopemphayo.

Kalata ya kuchipatala cha kwanu, ngakhale itadindidwa bwanji, singalowe m'malo mwa kupimidwa kumeneku. Komabe musaitaye, chifukwa dokotala wosankhidwayo adzafuna kuona mbiri yanu.

Dokotalayo amafufuza zinthu zinayi: matenda opatsirana amene ali pa mndandanda wa boma, katemera, matenda a maganizo amene achititsa munthu kudzipweteka kapena kupweteka ena, ndi kugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. Zimene wapeza amaziika m'magulu awiri. Gulu A ndi la mavuto amene amaimitsa ulendo mpaka atathetsedwa. Gulu B ndi la matenda amene amangolembedwa kuti munthu akapitirize kulandira chithandizo akafika. Matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi kapena mphumu salowa m'gulu A. Matenda opatsirana amene amafufuzidwa nthawi zonse ndi chifuwa chachikulu, chindoko, chinzonono ndi khate, ndipo onsewa ndi ochizika.

Chifuwa chachikulu ndiye nkhani yaikulu

Kwa ife a m'chigawo chino cha Africa, chimene chimachedwetsa anthu ambiri ndi TB osati HIV. Munthu wa zaka 15 kapena kuposera apo wopimidwira kunja kwa America amajambulidwa pachifuwa. Palinso kuyeza magazi kotchedwa IGRA, komwe kumaonetsa ngati tizirombo ta TB tinalowapo m'thupi. Kwa opimidwira mkati mwa America, kuyambira mu Okutobala 2018 aliyense wa zaka ziwiri kupita m'tsogolo amayamba ndi IGRA, ndipo amajambulidwa pachifuwa ngati zotsatira zaonetsa tizirombo, ngati ali ndi zizindikiro, kapena ngati ali ndi kachirombo ka HIV.

Taonani padzanja lanu lamanja chakumtunda. Ambiri a ife tili ndi kachipsera ka katemera wa BCG amene tinabayidwa titangobadwa. Njira yakale yoyezera TB pakhungu inkatha kusokonezeka ndi katemera ameneyu, n'kuonetsa ngati munthu ali ndi tizirombo pamene alibe. IGRA sisokonezeka ndi BCG. Choncho zotsatira zikaonetsa tizirombo, musanene kuti ndi katemera wa paubwana. Koma musataye mtimanso. Kukhala ndi tizirombo togona m'thupi n'kosiyana ndi kudwala TB. Munthu wotere satsokomola, sapatsira ena, ndipo ngati chithunzi cha pachifuwa chili bwino amaikidwa m'gulu B. Amangolangizidwa kukalandira mankhwala oteteza kuti tizirombo tisadzadzuke, ofanana ndi amene amaperekedwa ku kiliniki ya ma ARV kuno.

Ngati chithunzi chaonetsa chokayikitsa, kapena munthu akutsokomola, kuonda ndi kutuluka thukuta usiku, amapereka makhololo katatu, m'mawa wa masiku atatu. Makhololowo amawayang'ana pa makina komanso amawasunga mu labotale kuti aone ngati tizirombo timere. Tizirombo ta TB timakula pang'onopang'ono, n'chifukwa chake yankho lomaliza limatenga masabata asanu ndi atatu. Akapezeka ndi TB, munthu amakhala m'gulu A, ndipo ayenera kumaliza mankhwala a miyezi ingapo, akumwa pamaso pa wazaumoyo tsiku lililonse. Akachira, ndondomeko imapitirira.

Apa ndi pamene HIV imalowera pa nkhaniyi, ndipo ndinakhala nthawi yaitali ndikumufotokozera mtsikana uja. Wopimidwira kunja kwa America amene akudziwika kuti ali ndi kachirombo amapereka makhololo ngakhale chithunzi chake chitakhala chabwino. Ena amaona ngati kumeneku ndi kusalidwa, koma chifukwa chake ndi cha zachipatala. Mwa munthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika, TB imatha kubisala osaoneka pa chithunzi. Zotsatira za kupimidwa kwa munthu wotere zimagwira ntchito kwa miyezi itatu yokha kuchokera pamene yankho la makhololo latuluka, pamene kwa ena ambiri ndi miyezi isanu ndi umodzi. Tanthauzo lake n'lakuti ulendo uchedwa ndi miyezi iwiri, kenaka mufunika kunyamuka mosazengereza. Ulendowo sulephereka.

Tsono taganizani za amene wamvera achibale n'kusiya ma ARV. Kachirombo kachulukana, chitetezo chatsika, ndipo tizirombo ta TB timene tinagona tadzuka. Munthu uja wadzilowetsa yekha m'gulu A limene amalithawa. Kuonjezera apo, kachirombo katha kupima mphamvu mankhwala amene amamwa. Palinso china chimene ambiri sachidziwa: m'piritsi limodzi lija la tsiku ndi tsiku muli tenofovir ndi lamivudine, mankhwala amene amaletsanso kachirombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B. Munthu amene ali ndi tizirombo tonse tiwiri akasiya mwadzidzidzi, chiwindi chitha kutupa moopsa.

Amayi oyembekezera ali ndi ufulu wosankha: kujambulidwa atavekedwa chotchinga pamimba, kapena kudikira mpaka atachira. Koma amene akupimidwira kunja sanganyamuke asanajambulidwe.

Chindoko ndi chinzonono

Chindoko amachiyeza m'magazi kwa a zaka 18 mpaka 44, ndipo chinzonono amachiyeza kawirikawiri mumkodzo kwa a zaka 18 mpaka 24. Ambiri a m'makalabu mwathu tili m'zaka zimenezi. Wamsinkhu wina amayezedwa ngati pali chifukwa chokayikira. Matenda onse awiri atha kukhala m'thupi popanda chizindikiro chilichonse, makamaka kwa atsikana. Akapezeka, mumalandira jakisoni kapena mapiritsi ndipo mukamaliza mumachoka m'gulu A.

Ngati munadwalapo chindoko n'kuchira, tengani umboni wolembedwa wa chithandizo chimene munalandira, chifukwa kuyeza kwina kumapitiriza kuonetsa chizindikiro cha matendawa m'magazi kwa moyo wonse. Ine ndingakulangizeni kuti muyambe mwayezetsa kuno ku chipatala chathu, modekha, ndi uphungu. Nkhani yotere ndi yopweteka kuimva koyamba muli pakati pa mapepala a ulendo, mnzanu akudikira pa foni kutsidya la nyanja.

Khadi la kusikelo lija lili kuti?

Lamulo la katemera kwa ofuna kukhazikika ku America linakhazikitsidwa mu 1996. Limatchula matsagwidi, chikuku, rubella, poliyo, kafumbata, diphtheria, chifuwa chokoka mtima, Hib ndi hepatitis B, ndipo CDC inaonjezerapo ena monga wa katsabola, wa chimfine, wa chibayo, wa matenda oumitsa khosi, wa hepatitis A ndi wa rota. Musaope kuti mubayidwa onsewa. Dokotala amayang'ana msinkhu wanu. Katemera wa rota ndi wa Hib, mwachitsanzo, ndi wa ana aang'ono. Kwa munthu wa zaka za m'ma 20, amene amafunsidwa kawirikawiri ndi wa kafumbata ndi diphtheria, wa poliyo, wa MMR amene amateteza chikuku, matsagwidi ndi rubella, wa katsabola, wa hepatitis B, ndi wa chimfine ngati ndi nyengo yake.

Mndandandawu umasintha. Katemera wa HPV, woteteza khansa ya khomo la chiberekero, anafunikapo kuyambira mu 2008 koma anachotsedwa mu Disembala 2009. Wa COVID-19 anayamba kufunika pa 1 Okutobala 2021 ndipo anachotsedwa kumayambiriro kwa 2025. Choncho zimene msuweni wanu anakumana nazo zaka zisanu zapitazo sizingakhale ndendende zimene mungakumane nazo inu.

Chimene sichisintha n'chakuti mawu apakamwa salandiridwa. Kunena kuti "amayi anga anandiuza kuti ndinamaliza katemera yense" sikuthandiza. Amafuna cholembedwa, chokhala ndi masiku. Apa ndi pamene khadi la kusikelo ndi buku la kuchipatala zimasanduka chuma. Ine pa ntchito yanga ndimaona makadi amenewa atadyedwa ndi chiswe, atanyowa ndi mvula, ena ana atang'amba n'kupangira ndege. Atsikana amene munapitako kusikelo ya amayi oyembekezera, katemera wa kafumbata amene munalandira kumeneko ndi umboni, ngati unalembedwa. Katsabola yekha ndiye amene dokotala angavomere mbiri yomveka bwino yakuti munadwalapo.

Ngakhale khadi lanu lili lonse, padzakhala mipata, ndipo si kulakwa kwa makolo anu. Ku Malawi katemera wa hepatitis B analowa m'ndondomeko ya ana mu 2002, pamene anayamba kupereka katemera woteteza matenda asanu pa jakisoni mmodzi. Obadwa chisanafike chaka chimenecho sanalandire kusikelo. Wa rubella anaphatikizidwa ndi wa chikuku mu 2017. Wa matsagwidi ndi wa katsabola sali m'ndondomeko ya kusikelo kwathu. N'chifukwa chake pafupifupi Mmalawi aliyense amafunika MMR, olo atakhala kuti wa chikuku analandira ali mwana.

Amene khadi linatayika ali ndi njira ziwiri. Atha kubayidwanso, ndipo kubwereza katemera sikupweteka thupi. Kapena atha kuyezetsa magazi kuti aone ngati thupi lili kale ndi chitetezo ku matenda monga chikuku, matsagwidi, rubella, katsabola ndi hepatitis B. Njira yachiwiriyi nthawi zina imadula kuposa katemera weniweniyo, ndiye funsani mitengo musanasankhe. Chimene simuyenera kuchita ndi kugula khadi lolembedwa mwachinyengo. Kunama pa chinthu chofunika pa pempho la visa kutha kumutsekera munthu khomo la America kwa moyo wake wonse.

Katemera wina, monga wa hepatitis B, amaperekedwa kangapo m'miyezi yotalikirana. Simukakamizidwa kudikira kuti mumalize. Mumalandira amene nthawi yake yakwana pa tsiku lopimidwa, dokotala amalemba kuti otsalawo nthawi yake sinafike, ndipo mumakamalizira komweko. Ndipo ngati mwapezeka kuti muli kale ndi kachirombo ka hepatitis B, zimenezo sizilepheretsa ulendo.

Chifukwa china choululira kwa dokotala

Katemera wa MMR ndi wa katsabola amapangidwa ndi tizirombo tamoyo tofooketsedwa. Kwa munthu amene chitetezo chake chili bwino, timangophunzitsa thupi kudziteteza. Kwa amene chitetezo chatsika kwambiri, makamaka ngati CD4 ili pansi pa 200, akatemera awiriwa atha kumudwalitsa, ndipo saperekedwa. Saperekedwanso kwa mayi woyembekezera, ndipo mkazi amene walandira amalangizidwa kupewa kutenga pakati kwa mwezi umodzi. Zikatere dokotala amangolemba kuti katemerayo sakuyenera pa zifukwa za umoyo, ndipo pempho limapitirira popanda chilango chilichonse.

Dokotala sangakutetezeni ku chinthu chimene simunamuuze. Munthu amene wabisa kuti ali ndi kachirombo, atasiyanso mankhwala kwa miyezi ingapo, atha kubayidwa katemera amene thupi lake silingamupirire. Pamene amene akumwa ma ARV bwino, CD4 yake ili pamwamba, amatha kulandira ngati wina aliyense. Ndiye popita kumeneko tengani zotsatira zaposachedwa za CD4 ndi za kuchuluka kwa kachirombo m'magazi, pamodzi ndi dzina la mankhwala amene mukumwa.

Kachenjezo kena kakang'ono: musathamangire kukabayitsa MMR patatsala masiku ochepa kuti mukapimidwe. Katemera wa tizirombo tamoyo atha kusokoneza kuyeza kwa TB, choncho ziwirizi zimachitika tsiku limodzi kapena motalikirana masabata anayi. Amene chipembedzo chawo chimakana katemera atha kupempha kuti awaganizire kudzera pa fomu ina, koma ayenera kuonetsa kuti amakana katemera wa mtundu uliwonse, osati kusankhapo.

Chamba ndi mowa

Anyamata, apa tcherani khutu. Mwamva kuti m'zigawo zina za America chamba chimagulitsidwa poyera. N'zoona, koma nkhani za visa zimayendera malamulo a boma lalikulu, ndipo m'malamulo amenewo chamba chidakali pa mndandanda wa mankhwala oyang'aniridwa. Dokotala akapeza kuti munthu ali ndi vuto logwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, amamuika m'gulu A, ndipo kawirikawiri pamafunika miyezi 12 atasiyiratu kuti aunikidwenso. Mowa pawokha si mlandu, koma ukaphatikizana ndi mchitidwe woika ena pachiswe, monga kuyendetsa galimoto utaledzera kapena ndewu, umawerengedwa. Kudwalapo matenda a maganizo, monga kukhumudwa kwambiri, sikulepheretsa munthu ngati palibe mchitidwe wovulaza.

Maiko ena ali ndi malamulo awo

Zonse zimene ndafotokozazi ndi za America. Ku Britain, munthu wochokera ku Malawi, Zambia, Zimbabwe kapena Mozambique amene akukakhala kopitirira miyezi isanu ndi umodzi amayezedwa TB ku chipatala chovomerezeka ndi boma la Britain, ndipo chikalata chake chimagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi. HIV samayeza. Canada imayeza HIV kwa a zaka 15 kupita m'tsogolo, koma mwamuna kapena mkazi woitanidwa ndi mnzake wa banja sakanidwa pa chifukwa chakuti chithandizo chake chidzadula. Maiko ena, monga United Arab Emirates, amayeza ndipo sapereka chilolezo chokhala kwa opezeka ndi kachirombo. Musatenge lamulo la dziko lina kuliyesa la dziko linzake.

Chopinga chimene si cha zaumoyo

Sindingakhale ndanena zoona zonse ngati sinditchula ichi. Mu Disembala 2025 boma la America linaika Malawi, Zambia ndi Zimbabwe pa mndandanda wa maiko amene nzika zake zinachepetsedwa mwayi wolandira mitundu ina ya visa kuyambira pa 1 Januwale 2026, kuphatikizapo visa ya okakhazikika. Chiganizo chimenechi sichikhudzana ndi HIV, TB kapena katemera, ndipo chimagwera wodwala ndi wathanzi yemwe. Malamulo otere amasintha malinga ndi boma lomwe lilipo. Choncho musanalipire kobiri lililonse kwa dokotala, imvani kaye kuchokera ku ofesi ya kazembe ngati pempho lanu lafika poti mukapimidwe. Zotsatira za kupimidwa zimatha ntchito pakapita miyezi yochepa, ndipo wopimitsa msanga amalipira kawiri. Chenjeraninso ndi anthu a m'tauni amene amati ali ndi njira yachidule.

Mtsikana uja sanasiye mankhwala. Anapita kumudzi kwa amayi ake kukafufuza khadi lake la kusikelo, ndipo analipeza m'sutikesi ya malata pamodzi ndi makadi a abale ake, lakuda koma masiku akuwerengeka. Wayamba kale katemera wa hepatitis B, ndipo ulendo uno zonse zikulembedwa m'buku lake. Tinakambirananso za tsiku limene adzanyamuke: adzapempha ku kiliniki kalata yomusamutsa ndi mankhwala okwanira kuti asadukize akafika, adzawanyamula m'chikwama cha m'manja osati m'katundu wopita pansi pa ndege, ndipo mwamuna wake akufufuziratu chipatala chimene adzapitirizire. Ku America kuli ndondomeko ya boma yotchedwa Ryan White, yomwe inayamba mu 1990, yothandiza anthu amene ali ndi kachirombo koma alibe inshulansi yokwanira. Pakadali pano mapepala ake akudikira, ndipo tsiku lake lokatenga mankhwala ndi Lachinayi likudzali.